Mtengo ndi wathu, nyimbo ikulira kwina

Klarineti yabwino, chitoliro chakuda chija cha timabatani tonyezimira, amaisema kuchokera ku mtengo wa phingo. Ndi mtengo womwe uja osema ziboliboli amaufuna, wolemera, wolimba mobunthitsa nkhwangwa. Umamera kuno kwathu, ku Mozambique ndi ku Tanzania, ndipo umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime. Wambiri wopangira zitoliro umachokera kwa anansi athu awiriwa n'kukathera kumakampani monga Buffet Crampon ya ku France. Wogwira ntchito ku Kanengo sangadabwe nazo, poti chaka ndi chaka amaona mabelo a fodya akulowa ku okushoni n'kukwera mathiraki, ndudu zake zikapangidwire kutsidya kwa nyanja. Kungoti fodya timadziwa kumene amathera, pomwe mwana wa ku Mgona kapena ku Area 25 atha kukula mpaka kukwatira asanamvepo phingo akulira.

Kumaiko a azungu kuli anthu amene amadya za klarineti basi. Wotchuka amaima yekha kutsogolo kwa okesitira ya anthu makumimakumi, n'kuliza pamtima nyimbo imodzi ya theka la ola, anthu ali chete, olipira pakhomo. Kufika pamenepo ndi ulendo wa zaka zoposa khumi: mphunzitsi mmodzi sabata iliyonse kuyambira ubwana, kenako sukulu ya ukachenjede ya zoimbaimba, mipikisano, ndi mayeso olowera ntchito amene nthawi zambiri woyesedwa amaliza ali kuseri kwa katani kuti oweruza amve mawu okha. Ngakhale utapambana, njira sisalala. Sabine Meyer wa ku Germany, amene adayamba kuphunzitsidwa ndi bambo ake, adasankhidwa mu 1982 ndi Herbert von Karajan, wotsogolera okesitira ya Berlin Philharmonic, kuti alowe m'gululo ali ndi zaka 23. Anzake m'gululo, pafupifupi onse amuna, adamukana pa mavoti 73 kwa 4. Adachoka patangotha miyezi, nayamba kuimba payekha, ndipo dzina lake lidakula kuposa a ambiri amene adamukana.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya Anthony McGill, munthu wakuda wokulira kumwera kwa Chicago, mwana wa bambo ozimitsa moto. Ali mnyamata ankaphunzira ku Merit School of Music, sukulu yotsegulira khomo ana amene makolo awo sangathe kulipira aphunzitsi odula. Mu 2009 adaliza pa mwambo wolumbiritsa Barack Obama, ndipo mu 2014 adakhala mtsogoleri wa oliza klarineti mu New York Philharmonic. Luso anali nalo, inde, koma luso lotero liliponso ku Chinsapo. Iye adapeza pokwera: chida m'manja, mphunzitsi wosasinthasintha, ndi ntchito yomuyembekeza kumapeto.

Kwathu kuno zoimbira zouzira zachizungu zidabwera ndi yunifolomu. Makolo athu ataona mabandi a King's African Rifles adakopeka nazo mpaka kudzipangira malipenga a zikho, ndipo m'menemo mudatuluka malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo chapakati. Khutu lathu silidadanepo ndi mawu a mpweya. Koma mpaka lero wachinyamata wofuna kulipidwa mwezi ndi mwezi chifukwa chouzira chitoliro amayang'ana kupolisi kapena kunkhondo, chifukwa dziko lino lilibe okesitira yolemba anthu ntchito monga ya ku Durban kapena ya ku Cape Town. M'mabandi amenewa muli akatswiri enieni, owerenga manotsi bwinobwino, amene timawamva pa 6 July ndi pamaliro a boma. Komabe ntchito yawo ndi kuguba pamzere, phazi limodzi, mawu amodzi. Palibe amene amatuluka pamzerepo kuti timve iye yekha, ndipo dzina lake sitilifunsa n'komwe.

Kunja kwa kampu, kiyibodi idameza zonse. Kutchalitchi ku Kawale mnyamata mmodzi amadina batani, lipenga n'kulira, chitoliro n'kulira; paukwati DJ amakwanira. Sindiwadzudzula, ndalama njovuta. Klarineti ndi chida chodya tsiku ndi tsiku. Mawu ake amachokera pa kachidutswa kopyapyala ka bango komangidwa kukamwa kwake, ndipo bango labwino amalima kumwera kwa France. Kakatha masabata angapo kafooka, ugule kena, ndi ndalama zakunja zomwe ngakhale ogula mafuta akuzisowa. Timapilo totseka maenje tikang'ambika, chida chonse chimangofwenthera mpweya. Amakaniko a ku Biwi amadzutsa galimoto imene eni ake ku Japan adaitaya kalekale, ndipo sindikayika kuti manja omwewo atha kukonza klarineti atangoonetsedwa kamodzi.

Tisaiwale kuti woimba chitoliro payekha tidakhalapo naye. Donald Kachamba wa kwa Singano ku Chileka adayamba ali mwana kuliza kachitoliro ka kwela m'misewu ya Blantyre pamodzi ndi mkulu wake Daniel. Ankakalowetsa m'kamwa mopendeketsa kuti mawu anenepe ndi kupindika mmene iye akufunira, luso limene silili m'buku la sukulu iliyonse ya ku Ulaya. Mu 1967 anyamatawa adakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna, wofufuza za nyimbo amenenso ankaliza klarineti, ndipo pambuyo pake Kubik adakhala woimba m'bandi ya Donald. Taonani mmene zidatembenukira: klarineti ya mzungu ikutsata chitoliro cha mnyamata wa ku Chileka. Donald adayenda maiko ambiri, adakaphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, namwalira mu 2001.

N'chifukwa chake sindisirira holo za ku Berlin. Chimene ndimasirira ndi ubale wa wopeka nyimbo ndi woliza. Mozart adalemba nyimbo yake yaikulu ya klarineti mu 1791 polembera mnzake Anton Stadler. Brahms anali atanena kuti wasiya kupeka, koma atamva woliza klarineti Richard Mühlfeld ku Meiningen mu 1891 adatolanso cholembera n'kumulembera nyimbo zinayi. Opeka nyimbo za makwaya tili nawo ambiri m'mipingo ya mu Lilongwe muno, ndipo mmodzi atalembera klarineti ndi kwaya nyimbo ya kamvekedwe ka chimtali, woliza wa m'bandi angapeze chifukwa choimira kutsogolo.

Zina zofunika zili kale pafupi. Ku Area 23 kuli Music Crossroads Academy, imene yakhala ikuphunzitsa achinyamata kuyambira 2013, ndipo Kamuzu Barracks sili patali ndi pamenepo. Opuma ntchito m'mabandi a asilikali ndi apolisi atha kuphunzitsa Loweruka lililonse, zida zikhale zobwereketsa, mabango agulidwe pagulu. Chotsala ndi cha thiransipoti, pakuti mwana wochokera ku Mgona ayenera kukwera minibasi ziwiri, ya ku Kanengo kupita kutauni ndi ya kutauni kupita ku 23, ndipo wolemba bajeti ya pulogalamu yotere ayambire pamenepo.