Diresi la Zaka 5,000: M'mene Akatswiri Asamalira Nsalu Zakale za ku Egypt

M'caka ca 1913, katswiri wofukula zinthu zakale wa ku Britain, a Flinders Petrie, anapeza mulu wa nsanza za bafuta m'manda a ku Tarkhan, pafupifupi makilomita 50 kum'mwera kwa mzinda wa Cairo m'dziko la Egypt. Nsanzazo zinatumizidwa ku London, kumene zinakhala zaka zoposa 60 popanda wozilabadira. Mu 1977 zinapita ku Victoria and Albert Museum kuti zikayeretsedwe, ndipo mai Sheila Landi, pozimasula pang'onopang'ono, anapezamo diresi losokedwa bwino la manja opindapinda. Mu 2015 asayansi a pa Yunivesite ya Oxford anapima kaulusi kake ndi kupeza kuti linapangidwa pakati pa zaka za 3482 ndi 3102 Yesu asanabadwe. Ici ndico covala coluka cakale koposa zonse zodziwika.

Bafuta amapangidwa kucokera ku mbewu ya fulakesi. Mcenga wouma wa m'cipululu ndiwo unasunga nsalu zotere, koma zikatuluka m'manda zimakumana ndi kuwala, cinyezi ndi nkhungu. Mdani wina ali m'kati mwa ulusi momwemo. Pamene nsalu ikukalamba imapanga asidi, amene amadula ulusiwo mpaka nsalu imathetheka ngati tsamba louma.

Nchito yosamala nsalu yotere imayamba ndi njira zakale. Katswiri amacotsa fumbi ndi kaburashi kofewa, kapena ndi makina okoka mpweya pang'ono, atayala kaneti pamwamba kuti ulusi usakokedwe. Ngati nsalu ikali yolimba imacapidwa itagonekedwa, m'madzi ocotsedwa mcere wonse, ndi sopo wosaluma. Koma madzi ali ndi ngozi yake: ulusi umafufuma, utoto umasuluka, ndipo pouma nsalu ikhoza kukwinyika. Yofooka kwambiri siicapidwa konse. Imasokeredwa pa nsalu yopyapyala ya silika kuti iicirikize, monga anacitira mai Landi ndi diresi la ku Tarkhan.

Kumene madzi alephera ndi kumene asayansi abweretsa tizinthu tating'ono kwambiri tochedwa nanomaterials. Timapimidwa m'mananomita, ndipo milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Gulu la Pulofesa Piero Baglioni ku Florence m'dziko la Italy linapanga timibulu totere ta calcium hydroxide, amene ndi laimu yemweyo wopaka nyumba. Timibuluto timasakanizidwa ndi spiriti m'malo mwa madzi, motero ulusi sufufuma. Cifukwa ca kucepa kwake timalowa pakati pa ulusi ndi kuthetsa mphamvu ya asidi. Totsalato timagwirizana ndi mpweya n'kusanduka calcium carbonate, amene amakhala momwemo kudikira asidi wina wodzabwera m'tsogolo.

Palinso mankhwala okhala ngati phala lolimba, amene amasunga madzi m'kati mwake ndi kuwatulutsa pang'ono cabe. Akaikidwa pa banga amakoka litsiro popanda kunyowetsa nsalu yonse. Ofufuza ena ayesa ulusi wosaoneka ndi maso wocokera ku zomera, wochedwa nanocellulose, polimbitsa nsalu zofooka, ndiponso timibulu ta siliva poletsa nkhungu.

Ngakhale zili tero, osamala zinthu zakale sathamangira mankhwalawa. Lamulo lao lalikulu ndi lakuti ciliconse cimene aika pa cinthu cakale cizitheka kucotsedwa ndi odzabwera pambuyo. Ulusi wosokera ungathe kudulidwa, koma timibulu tikalowa m'kati mwa bafuta nkovuta kutitulutsa. Laimu akacuruka amasiya mbuu woyera pa nsalu, ndipo siliva akhoza kusintha maonekedwe ake. Cinanso, mankhwala okhala ndi kaboni angasokoneze kupima zaka, kuja kunaulula msinkhu wa diresi la ku Tarkhan. Ndiye cifukwa cake mankhwala atsopano amayamba ayesedwa pa bafuta watsopano, wokalambitsidwa dala ndi kutentha ndi kuwala, asanakhudze nsalu ya m'manda.

Dziko la Egypt lili ndi nsalu zambiri zofuna cisamaliro cotere. M'manda a mfumu Tutankhamun, amene a Howard Carter anawapeza mu 1922, munali zovala zoculuka za bafuta. Akatswiri a ku Egypt, mothandizana ndi a ku Japan, anazisamalira ku Grand Egyptian Museum ku Giza, imene inatsegulidwa mwalamulo mu November 2025. Diresi la ku Tarkhan lisungidwa ku Petrie Museum mu London.