Mboni Zapachibale M'masamu a Zamoyo

Pabwalo la milandu, mfumu yanzeru siwerenga mboni poyang'ana mitu. Anthu khumi akanena mawu amodzimodzi, koma onsewo nkhaniyo anaimva kwa munthu mmodzi, ndiye kuti mboni ndi imodzi basi. Akatswiri a zamoyo anachedwa kuilowetsa mfundo imeneyi m'masamu awo.

Pofuna kudziwa ngati nyama za matupi aakulu zimakhalanso ndi ubongo waukulu, iwo amayeza mitundu yambiri ya nyama, nalemba dontho limodzi pagalafu kuimira mtundu uliwonse. Kenaka amajambula mzere wodutsa pakati pa madonthowo, njira imene amaitcha regression. Masamu a njirayi amatenga dontho lililonse ngati mboni yoima payokha, ndipo apa mpamene pagona vuto. Mkango ndi nyalugwe anachokera kwa kholo limodzi, kotero kuti zambiri zimene amafanana ndi zakumtundu.

Vutoli si lalero. M'chaka cha 1888, Edward Tylor anafotokozera akatswiri anzake ku London za miyambo ya ukwati ya mafuko pafupifupi 350. Francis Galton anamfunsa ngati mafukowo sanatengere miyamboyo kwa makolo amodzi kapena kubwerekana. Funsolo linali lolunjika ndithu.

Pankhani ya zamoyo, yankho lomveka linabwera m'chaka cha 1985 kuchokera kwa Joseph Felsenstein wa ku University of Washington. Iye anapereka fanizo la mitundu 40 ya zamoyo yochokera kwa makolo awiri okha, mitundu 20 kwa kholo lililonse. Pagalafu madontho amaunjikana milu iwiri, ndipo mzere wolumikiza miluyo umaoneka ngati umboni wamphamvu. Chikhalirecho kusiyanako kunachitika kamodzi kokha, pamene makolo awiriwo anapatukana.

Njira yake inali yoleka kuwerenga mitundu ndi kuyamba kuwerenga mphambano za pamtengo wa chibale. Pa mitundu iwiri yapachibale chenicheni, munthu amayeza kusiyana kwawo pa thupi ndi pa ubongo, popeza kusiyana kumeneko kunadza iwo atapatukana kale. Atatero amayerekeza msinkhu wa kholo lawo kuchokera kwa awiriwo, nalifanizira ndi mbale wake wapafupi, mpaka kukafika patsinde. Mitundu 40 imapereka kusiyana 39. Kusiyana kulikonse kumachepetsedwa molingana ndi kutalika kwa nthambi, chifukwa abale amene anapatukana kalekale ayenera kusiyana kwambiri ngakhale popanda chifukwa chapadera. Alan Grafen m'chaka cha 1989 ndi Mark Pagel m'chaka cha 1999 anaikuza njirayi, mpaka tsopano nkotheka kuyeza kuti chibale chili ndi mphamvu yotani pa khalidwe limene likufufuzidwa.

Komabe zonsezi zimafuna mtengo wa chibale wolondola, ndipo nsomba za m'Nyanja ya Malawi zikuonetsa kuvuta kwake. Kafukufuku wa DNA wa m'chaka cha 1993 anapeza kuti mbuna ndi nsomba zina za gulu lake zimene zimafanana maonekedwe ndi za m'Nyanja ya Tanganyika si abale apafupi a zinzawozo. Nyanja iliyonse inaumba zake payokha. Umenewu ndi umboni wabwino, wa mboni ziwiri zosapangana. Koma m'kati mwa Nyanja ya Malawi momwemo, kafukufuku wa m'chaka cha 2018 anaonetsa kuti mitundu yambiri inkaberekana ngakhale itapatukana kale. Nthambi zake zinalukanalukana, ndipo palibe mtengo umodzi umene ungalongosole chibale chonsecho.