Musanaimike mlongoti, yambani mwayang'ana kumwamba

Mukamayenda mumsewu wochokera ku Ulónguè kupita kumalire a Calómuè, muona milongoti yambiri pamadenga: ina yansungwi, ina yapaipi yachitsulo, yokokera wailesi yakanema kapena netiweki ya foni. Mumsewu womwewo mukudutsanso mawaya a magetsi a EDM. Mlongoti ukangogunda waya, munthu amene waugwira akhoza kufera pomwepo.

Mayi wina amene ndimamuphunzitsa kaphunzitsidwe ka kuwerenga anabwera m'kalasi ndi kapepala kamene kanali m'katoni ya eriyo yake. Chenjezo lonse linalipo, koma m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere. Mwana wake anali ataimika kale eriyoyo, osawerenga kanthu.

Chachikulu m'kapepalako chinali mtunda. Yezani mlongoti pamodzi ndi eriyo yake udakali pansi, ndipo pamalo poukumbira patalikirane ndi waya wamagetsi kuwirikiza kawiri utali umenewo. Ngati ndi wa mamita 6, waya ukhale mamita 12 kutali. Pabwalo pakachepa, fupikitsani mlongoti. Ambiri amaganiza kuti nsungwi siyendetsa magetsi. Yaiwisi kapena yonyowa imayendetsa, ndiponso chingwe cha eriyo chimene mwakulungapo chili ndi mkuwa m'kati. Mawaya akuluakulu a mphamvu ya mavoti 33,000 sadikira n'komwe kuti muwakhudze: moto umalumpha mukangoyandikitsa chitsulo.

Musaimike nokha. Pakhale wina pansi amene ntchito yake ndi kuyang'ana waya basi. Makwerero akhale amtengo wouma, nsapato zikhale zamphira, ndipo kukawomba mphepo kapena malata akanyowa, ntchitoyo igone. Mlongoti ukayamba kupendekera kuwaya, usiyeni ugwe. Ndikudziwa kuti dzanja limafuna kuwakha chinthu chimene munachigula modula, koma eriyo ina mudzagula. Ukagwera pawaya, musaukhudze, musakhudzenso munthu amene waphatikana nawo. Thamangitsani ana, imani patali, itanani a EDM azimitse magetsi.

Ngozi ina imabwera ndi dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, makamaka kumapiri a Angónia ndi Tsangano. Mphenzi imakonda chinthu chachitali, ndipo mlongoti ndiwo umatalika kuposa nyumba. Popanda njira yolowera m'nthaka, moto wake umatsata chingwe mpaka pabalaza. Njirayo ndi waya wokhuthala wamkuwa, womangidwa zolimba pamlongoti, wotsika mowongoka kufika pa ndodo yokutidwa ndi mkuwa yokhomeredwa pansi mamita pafupifupi awiri. Izi zimachepetsa ngozi koma siziithetsa, choncho mitambo ikayamba kuda, zulani chingwe kuwailesi mvula isanafike.

Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi mpaka bingu litamveka: masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Bingu likamveka, tsikani padenga, ndipo musakwerenso mpaka patapita mphindi 30 chimvekere lomaliza.

M'midzi mwathu, wina akawombedwa ndi mphenzi anthu amaopa kumugwira, ena n'kuyamba kufunsana kuti waitumiza ndani. Thupi lake silisunga magetsi. Mugwireni, muoneni ngati akupuma, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka ngati watsitsimuka, chifukwa mtima ukhoza kukhala utasokonezeka.