ASILIKALI A M'THUPI: N'CHIFUKWA CHIYANI MALUNGO AMAGWETSA MWANA N'KUSIYA BAMBO AKE?



Ife a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Dwangwa kudzafika ku Chia, malungo timawadziwa bwino. M'nyumba imodzi udzudzu umaluma bambo ndi mwana usiku womwewo. Pakapita sabata ziwiri bambo amamva mutu ndi kuphwanya m'thupi, komabe amapalasa bwato kupita kukapha usipa. Mwana wa zaka ziwiri ndiye amatentha thupi, amakomoka, ndipo pofika naye ku chipatala cha boma pa Nkhotakota magazi amakhala atamuthera. Ena akaona zotere amayamba kulozana zala. Koma nkhaniyi yagona pa chimene madokotala amachitcha chitetezo cha m'thupi, ndipo kholo likaimvetsa likhoza kupulumutsa moyo wa mwana wake.

Chitetezo chimenechi chili m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi mpanda wotchinga tizirombo kuti tisalowe. Khungu ndilo mpanda waukulu. Mamina ndi makhololo zimakola fumbi ndi tizirombo, ndipo timazitulutsa poyetsemula ndi potsokomola. Misozi ndi malovu zili ndi mphamvu yopha tizirombo tina, pomwe asidi wa m'mimba amapha tambiri timene tameza ndi chakudya. N'chifukwa chake chilonda, ngakhale cha mbedza chabe, chiyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi oyera, pakuti pamenepo mpanda waboola.

Gawo lachiwiri ndi asilikali othamangira pamalo. Awa ndi maselo oyera a m'magazi, amene amapangidwa m'kati mwa mafupa. Tizirombo tikalowa pachilonda, maselo otchedwa neutrophil amafika m'maola ochepa ndi kuyamba kutimeza. Malowo amatupa, amafiira ndi kutentha chifukwa magazi akuthamangirako. Mafinya amene timaona ndi mitembo ya asilikaliwo pamodzi ndi tizirombo takufa. Kutentha thupi kupitirira madigiri 37 nakonso ndi njira imodzi yolimbana ndi mdani. Asilikali amenewa ndi achangu, koma sasunga chikumbumtima cha mdani aliyense payekha.

Gawo lachitatu ndi asilikali ophunzira, otchedwa maselo a B ndi maselo a T. Pagombe pamene mumakocheza, mlonda amadziwa bwato lililonse ndi mwini wake, ndipo lachilendo likafika usiku amalizindikira. Momwemonso maselo amenewa amasiyanitsa za m'thupi ndi zobwera. Amasonkhana m'timisasa tawo ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo mwanabere amene amatuluka mukavulala kuphazi ndi chizindikiro chakuti asilikali akuchulukana mmenemo. Maselo a B amapanga zida zotchedwa antibody, zimene zimamatirira mtundu umodzi wokha wa kachirombo. Maselo ena a T amapha maselo athu amene kachirombo kabisalamo, pomwe ena, otchedwa CD4, ndiwo amalamula gulu lonse. Mdani akabwera koyamba, ntchito yokonza zida imatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Nkhondo ikatha, maselo ena amatsala akukumbukira mdaniyo, kotero kuti akabweranso amagonjetsedwa munthu asanadwale n'komwe. Ichi ndicho chifukwa amene anadwalapo chikuku sadwalanso.

Tsono bwanji malungo timadwala chaka ndi chaka? Kachirombo ka malungo kamalowa ndi kuluma kwa udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, kamapita kuchiwindi kumene kamaswana pafupifupi sabata imodzi, kenako kamalowa m'maselo ofiira a magazi ndi kumawaswa pa masiku awiri aliwonse. Ukathyali wake ndi wakuti kamasinthasintha maonekedwe, monga wakuba amene lero wabwera ndi bwato lobiriwira, mawa walipaka utoto wina. Thupi limafunika kukumana nako kambirimbiri kwa zaka kuti lidziwe maonekedwe ake ambiri. Bambo uja wadwala malungo kuyambira ubwana wake, choncho asilikali ake amawachepetsa mphamvu, ngakhale sawathetseratu. Mwana wa zaka ziwiri asilikali ake akadali pasukulu. Khanda limabadwa ndi ma antibody amene lalandira kwa mayi ake lili m'mimba, koma amenewa amatha pakapita miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Kuchokera pamenepo mpaka zaka zisanu ndiyo nthawi yoopsa kwambiri.

Pali anthu enanso awiri amene ayenera kusamala. Woyamba ndi mayi woyembekezera, makamaka wa mimba yoyamba. Tizirombo ta malungo timaunjikana m'nsengwa, mayi amachepa magazi ndipo mwana amabadwa wochepa thupi. Mapiritsi a SP amene amaperekedwa kusikelo ya amayi apakati ndi oteteza ku vuto limeneli. Wachiwiri ndi m'bale amene wakhala zaka zambiri ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene malungo safala. Chitetezo cha malungo chimazirala munthu akasiya kukumana nawo. Akabwera kudzaona abale pa Eid asadzinamize kuti iye ndi mwana wa kunyanja. Agone m'neti, ndipo akatentha thupi, ngakhale atabwerera kale ku Joni, auze dokotala kuti anali ku Malawi.

Popeza asilikali amaphunzira, tingathe kuwaphunzitsa mdani asanafike. Imeneyi ndiyo ntchito ya katemera. Thupi limaonetsedwa kachirombo kofooketsedwa, kakufa kapena kachidutswa kake chabe, ndipo limakonza zida ndi kusunga chikumbumtima popanda kudutsa m'matenda enieniwo. Dokotala wa ku England, Edward Jenner, anayesa njirayi pa nthomba m'chaka cha 1796, ndipo mu 1980 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti nthomba yatheratu. Agogo athu ankaiopa nthendayi, koma zidzukulu zathu sizikuidziwa. Chipsera cha pamkono chimene ambiri tili nacho ndi cha katemera wa BCG, woteteza ana ku chifuwa chachikulu choopsa. Mu April 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala zake, m'maboma osankhidwa. Katemerayu amachepetsa malungo aakulu koma salowa m'malo mwa neti. Mwana akatenthako thupi pang'ono atabayidwa katemera, musadandaule, ndi asilikali amene ali pa maphunziro. Ndipo tikumbukire kuti mu February 2022 kunapezeka mwana wopuwala ndi poliyo ku Lilongwe, patapita zaka 30 nthendayi isanaoneke m'dziko muno. Katemera akalekeredwa, mdani wakale amabwerera.

Chitetezo chimathanso kufooka. Kachirombo ka HIV kamalimbana ndi maselo a CD4, amene ndi atsogoleri a nkhondo. Munthu wathanzi amakhala ndi maselo amenewa pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho koyezedwa ka magazi, ndipo akatsika kufika pansi pa 200 matenda monga chifuwa chachikulu amapeza khomo lotsegula. Mankhwala a ARV, amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004, amaletsa kachiromboka kuswana ndipo asilikali amachulukanso. Kusowa kwa zakudya nako kumafooketsa. Asilikali amamangidwa ndi chakudya, choncho tisagulitse nsomba zonse pagombe ana n'kumadya kondowole ndi chigwada chokha. Usipa, nyemba, mtedza, mazira, mango ndi mapapaya zifike m'mbale ya mwana.

Abale anga, potsiriza tigwire mfundo izi. Khanda liyamwe mkaka woyamba wachikasu uja, pakuti ndi wodzaza ndi chitetezo, ndipo liyamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Khadi ya sikelo isungidwe bwino ndipo katemera aliyense amalizidwe. Neti yolandira kuchipatala ndi ya pogona, si yophera usipa kapena yotchingira dimba. Mwana akatentha thupi apite kukayezedwa magazi tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amwe masiku onse atatu ngakhale aoneke kuti wachira. Wodwala amene ali pa mankhwala asawasiye m'mwezi wa Ramadhani asanafunse dokotala ndi Sheikh wa pamzikiti pake, pakuti wodwala ali ndi chilolezo chodzabweza masiku ake akachira.

Bambo asayeze matenda a mwana ndi mphamvu za thupi lake. Asilikali a bambo aona nkhondo zambiri, koma a mwana akungoyamba kumene, ndipo kufikira atakhwima mlonda wake ndi ife makolo.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu, ateteze ana athu, ndipo atipatse nzeru zosamalira matupi amene anatisungitsa. Ameen.