Tynemouth: Siteshoni ya 1882 Imene Yakana Kukalamba

Kumpoto chakum'mawa kwa England, pamene mtsinje wa Tyne umathira m'nyanja ya North Sea, kuli tauni ya Tynemouth, makilomita pafupifupi 13 kuchokera mumzinda wa Newcastle. Anthu akumeneko popita kuntchito amakwera Metro, sitima zopepuka zamagetsi zimene zimaima pafupipafupi m'matauni ozungulira mzindawo. Siteshoni imene amakwererapo inamangidwa zaka pafupifupi 100 Metro isanabadwe. Pa siteshoniyi ndi m'dera loizungulira muli zinthu zimene zinali zoyamba, zakale kwambiri kapena zosowa m'mbiri ya njanji. Nazi zisanu ndi ziwiri.

1. Denga loposa madenga

Kampani ya North Eastern Railway inatsegula siteshoniyi mu 1882, ndipo amene anajambula mapulani ake ndi William Bell. Ulemerero wake uli padenga: magalasi okhaokha, atakhazikika pa nsanamira zachitsulo zokongoletsedwa mwaluso, kutalika kwake mamita pafupifupi 200. Analimanga lalikulu chotero chifukwa cha chinamtindi cha anthu obwera kudzapitidwa mphepo kunyanja masiku atchuthi. Lero nyumbayi ili m'gulu la Grade II*, limene muli nyumba zochepa zedi mwa zonse zotetezedwa ndi lamulo ku England. Mphepo yamchere inadya zitsulozo kwa zaka zambiri mpaka denga linafika pangozi, koma ntchito yolikonza inatha mu 2012. Loweruka ndi Lamlungu pansi pa dengali pamakhala msika wa mabuku, zakudya ndi katundu wakale, sitima zikudutsa pakati.

2. Njira yakale ya anthu opita kuntchito

Njanji ya pakati pa Newcastle ndi North Shields inatsegulidwa mu 1839, ndipo mu 1847 inafika ku Tynemouth. Njanji zambiri za m'derali panthawiyo zinali za malasha, koma iyi inadalira kwambiri kunyamula anthu. N'chifukwa chake imawerengedwa pakati pa njanji zakale kwambiri padziko lonse zolumikiza mzinda ndi matauni oyandikana nawo. Mbali yaikulu ya njira imeneyi ndi yomwe Metro ikudutsamo mpaka pano.

3. Magetsi anafika msanga, n'kuchoka, n'kubweranso

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, matiramu amagetsi oyenda m'misewu analanda sitima zanthunzi makasitomala ochuluka, chifukwa anali otchipa komanso ankabwera pafupipafupi. North Eastern Railway sinakhale manja lende. Mothandizidwa ndi katswiri wa zamagetsi Charles Merz, mu 1904 inayamba kuyendetsa sitima zamagetsi kupita kugombe, mphamvu yake ikudzera mu njanji yachitatu yoyalidwa pambali pa ziwiri zimene sitima imayendapo. Anali amodzi mwa malo oyambirira kunja kwa London kuona zimenezi. Sitima zamagetsi za pakati pa Liverpool ndi Southport zinatsogola ndi masiku ochepa chabe. Chodabwitsa n'chakuti mu 1967 kampani ya boma ya njanji ya British Rail inachotsa magetsiwo n'kuikapo sitima zadizilo, zimene zinkayenda pang'onopang'ono kuposa zakale zija. Ndi njanji zochepa zimene zinabwererapo m'mbuyo chotere, n'kudzadzukanso.

4. Sitima zopepuka zoyamba zamakono ku Britain

Kudzukako kunachitika pa 11 Ogasiti 1980, pamene chigawo choyamba cha Tyne and Wear Metro chinatsegulidwa kuchokera ku Haymarket, pakati pa Newcastle, kudzera ku Whitley Bay mpaka ku Tynemouth. Siteshoni yathuyi ndiyo inali pothera ulendo mpaka 1982, pamene njira yodzera ku Wallsend inatsegulidwa. Nzeru yake inali yosavuta kumva: m'malo moyala njanji zatsopano paliponse, anatenga njanji zakale zimene zinkafa, anakumba njira zapansi panthaka pakati pa mzinda, n'kulumikiza zonsezo. Manchester, Sheffield, Croydon ndi Nottingham anadzatsegula sitima zawo zopepuka pambuyo pake. Lero Metro ili ndi masiteshoni 60 pa mtunda wa makilomita 77.5.

5. Yoyamba kuganizira aliyense

Pa zonse zimene Metro inatsogola, ichi ndicho chimandikhudza mtima kwambiri. Inali njanji yoyamba ku Britain kukonzedwa kuti munthu woyenda pa njinga ya olumala athe kufika pokwerera sitima pa siteshoni iliyonse, kudzera m'zikepe kapena m'njira zotsetsereka zopanda masitepe. Chimene chinathandiza iyeyo chinathandizanso mayi wokankha mwana pa kangolo ndi gogo woyendera ndodo. Inalinso njanji yoyamba m'dzikolo kuwerenga mtunda ndi liwiro m'makilomita, pamene ena onse ankawerengera m'mamailosi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inayambitsanso njira yachilendo yothana ndi achinyamata osokoneza: kuika nyimbo zachikale za oimba ngati Frederick Delius pa zokuzira mawu m'masiteshoni ena. Sitima zapansi panthaka za London Underground zinadzatengera nzeru imeneyi.

6. Sitima yodutsa siteshoni imodzi kawiri

Tynemouth ili pa mzere wachikasu wa Metro. Sitima yochokera ku St James imadutsa pa siteshoni ya Monument, imazungulira kugombe, kenako imabwereranso pa Monument pomwepo, koma pa njanji ina yodutsa mopingasa ndi yoyamba ija, isanawoloke Tyne kupita ku South Shields. Mizere yodzidutsa yokha chonchi ndi yowerengeka padziko lonse. Mu 2002 Metro inafika ku Sunderland, ndipo inakhala yoyamba ku Britain kuyendetsa sitima zopepuka pa njanji imodzi ndi sitima zikuluzikulu za anthu ndi za katundu.

7. Anansi akale kuposa onse

Ku North Shields, pafupi ndi Tynemouth, kuli nyumba yosungira zakale ya Stephenson Steam Railway, kumene kuli injini yanthunzi yotchedwa Billy, ya cha m'ma 1816, imodzi mwa injini zakale kwambiri zimene zatsala padziko. Chakum'mwera kwa mtsinje, m'boma la Durham, kuli Causey Arch, mlatho wamiyala umene unamalizidwa mu 1726 kuti ngolo za malasha zokokedwa ndi akavalo ziziwolokerapo pa njanji zamatabwa; ndiwo mlatho wa njanji wakale kuposa yonse ya mtundu wake imene idakalipo. George Stephenson, katswiri wopanga injini za sitima, anabadwira ku Wylam, m'mphepete mwa Tyne, mu 1781, ndipo mpata wa mamilimita 1,435 pakati pa njanji ziwiri, umene unachokera m'migodi ya m'derali, ndi umene njanji zoposa theka za padziko lapansi zimatsata. Za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique n'zopapatiza pang'ono, mamilimita 1,067.

Mbiri yonseyi siinasungidwe m'mabuku mokha. Inasungika chifukwa anthu anakana kugwetsa siteshoni yakale, anakana kuzula njanji, ndipo anazipatsa ntchito yatsopano. Amene muli ku Britain kapena mudzapiteko, patulani Loweruka limodzi, mukwere mzere wachikasu, mukatsikire pa Tynemouth. Ndipo kulikonse kumene muli, mukaona siteshoni yakale ikuwonongeka, funsani akuluakulu a m'dera lanu kuti akuganiza zotani nayo.