Za Mamendulo Akale Ochokera ku France

M'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Senga Bay, alipo mabanja amene asunga m'bokosi la agogo kamendulo kolembedwa mau a Chifalansa. Akaona pamenepo chaka cha 1830 ayesa kuti apeza chuma cha zaka pafupifupi 200, ndipo wogula zinthu zakale akafika pakhomo, mtima ungoti dyokodyoko. Akristu okondedwa, tiyambe tayang'ana bwino tisanatchule mtengo.

Mamendulo ameneŵa anadza ndi ansembe a ku France. Abambo Oyera anamanga misyoni ya Mua m'chaka cha 1902, ndipo ophunzira ao anali kudikira zaka zinai asanabatizidwe. Ambiri analandira mendulo pa nthawi ya kuphunzirayo, naivala m'khosi kuti mudzi wonse udziwe kumene mtima wao waloza.

Tsono chaka cholembedwa pa mendulo sichinena tsiku limene anaisula ai. Chinena chinthu chimene mendulo ikumbutsa. Chaka cha 1830 ndicho chimene Maria Virgo Woyera anaonekera Catherine Labouré, sisitere wa ku Rue du Bac mu mzinda wa Paris. Mamendulo oyamba anawasula mu 1832, ndipo kuyambira pomwepo asula miyandamiyanda, yambiri ya iyo ndi chaka chomwecho. Chimodzimodzi 1858 pa mendulo ya Lourdes. Inyamuleni m'dzanja. Ikapepuka ngati chivundikiro cha poto, ndi ya aluminiyamu, chitsulo chimene chinayamba kutsika mtengo pambuyo pa 1886, pamene Paul Héroult ndi Charles Hall anapeza njira yochiyengera ndi magetsi. Yotereyi siingakhale ya masiku a Catherine, ndipo mtengo wache pa msika ngwochepa ndithu.

Koma ilipo mitundu yina, yaikulu ndi yolemera, yopanda kabowo ka chingwe, yosulidwa kukumbutsa mfumu, Papa kapena nkhondo. Yambiri inachokera ku Monnaie de Paris, nyumba ya boma yosuliramo ndalama. Imeneyi musaiŵerenge kumaso kokha. Iimikeni chiriri, muyang'ane m'mphepete mwache ndi galasi lokuza zinthu. Mudzapeza mau onena chitsulo: ARGENT ndiye siliva, CUIVRE ndi BRONZE ndiwo mkuwa. Pafupi ndi mauwo pali kachizindikiro kakang'ono ngati njere ya mapira, ndipo ndiko kamene kanena zoona. Nyale ndi ya 1832 kufikira 1841. Nangula, amene asodzi athu sangamusokoneze ndi kanthu kena, ndi wa 1841 ndi 1842 basi. Mutu wa ngalawa ufika 1845, dzanja loloza lifika 1860, njuchi ifika 1879. Kuyambira 1880 aika nyanga yodzala zipatso.

Onani tsono chimene chichitika. Mendulo iri ndi nkhope ya Napoléon ndi chaka cha 1805, koma m'mphepete muli nyanga ija. Si yabodza ai; nyumbayo isunga zidindo zakale, niisulanso mamendulo omwewo kwa ofuna. Koma inasulidwa Napoléon atafa kale zaka zoposa 50, ndipo wodziwa sadzailipira monga ya pachiyambi.

Chimene tiletsa ndi mphamvu ndi ichi: musaikwecheze ndi mchenga wa kunyanja, phulusa kapena mandimu, monga achitira amai ndi ziwiya. Kuda kwache ndiko kumene ogula afuna, ndipo mchenga ufafaniza kachizindikiro kaja. Madzi oyera ndi kansalu kofewa zikwanira.

Pomwe akulu akali moyo, afunseni: anailandira ndani, ku misyoni iti, kwa bambo uti? Lembani pa pepala, mulisunge pamodzi ndi mendulo. Mabuku a ubatizo a ku parishi angathe kutsimikiza chaka. Ndipo amene afuna kudziwa mbiri ya ansembe oyambawo apite ku Mua, ku nyumba ya zakale ya Chamare, pa Kungoni pamene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976.