Kugula kanema: safunsa adadya phula

Kuno kwathu kanema aliyense wopyapyala timangomutcha "pulazima." Akwati akalandira mphatso yaikulu pa phwando, ndi pulazima. Mnyamata akatsika basi yochokera ku Joni atasenza chikatoni chachitali, mudzi wonse umati wabwera ndi pulazima. Koma zoona zake n'zakuti pulazima yeniyeni idasiya kupangidwa kale. Makampani atatu omwe ankayipanga kwambiri, Panasonic, Samsung ndi LG, onse adayisiya m'chaka cha 2014. Tsono wina akakuuzani lero kuti "bwana, pulazima yanyuwani iyi," dziwani kuti mwina iyeyo sakudziwa chimene akugulitsa, apo ayi wakuonani kuti inuyo simukudziwa chimene mukugula.

Nkhaniyi si ya dzina lokha ayi, ndi ya ndalama. Makanema timachita kuitanitsa kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja akuluma. Pali mabanja omwe amasonkha kubanki m'khonde chaka chathunthu, ena amadikira ndalama za fodya kapena za soya, kuti nawonso aleke kukaonera mpira pawindo la aneba. Tsiku logula likafika, bambo amalowa m'sitolo ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu kapena mu Mzuzu, n'kupeza khoma lonse likuthwanima, ndipo pa katoni iliyonse pali zilembo: LED, QLED, OLED, UHD, 4K, Smart. Apa ndi pamene munthu wamkulu, wa ndevu zake, amachita manyazi kufunsa n'kungoloza wowala kwambiri. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.

Kale mutu sunkapweteka chonchi. M'nthawi ya Kamuzu dziko lino lidalibe wailesi yakanema yakeyake, mpaka Television Malawi idayamba kuulutsa m'chaka cha 1999. Makanema a masiku amenewo, aja a chimsana ofuna anthu awiri ponyamula, ankangofuna mafunso awiri: ndi wamkulu bwanji, nanga amaonetsa makaka kapena ayi? Lero mafunso achuluka, komatu mayankho ake si ovuta monga momwe amalonda amafunira kuti tiziganizira.

Choyamba kudziwa n'chakuti mayina onsewa ndi a mabanja awiri basi.

Banja loyamba ndi la LCD. Galasi lake palokha siliwala. Kumbuyo kwake kuli nyali, ndipo galasilo lili ndi timazenera ting'onoting'ono tosawerengeka tomwe timatseguka ndi kutsekeka kuti kuwala kudutse kapena kusadutse. Chithunzi chimapangika motero. Poyamba nyalizo zinkakhala timachubu tofanana ndi mababu aatali a m'maofesi aja. Kenako adayamba kuikamo timababu ta LED tosadya magetsi ambiri, ndipo amalonda adangosintha dzina n'kumati "LED TV." Mkati ndi LCD yomweyo.

QLED, dzina lomwe Samsung idalitchukitsa m'chaka cha 2017, ndi LCD yomweyonso, kungoti pakati pa nyali ndi galasi adaikapo kapepala ka tinthu tating'ono zedi tothandiza kuti zofiira zifiire psuu ndipo zobiriwira zibiriwire bwino. Mini-LED nayo ndi LCD, koma ya timababu tambirimbiri totha kuzima mbali imodzi uku mbali ina tikuyaka. Onsewa ndi ana a mimba imodzi, angosiyana zovala.

Ubwino wa banja limeneli ndi mtengo wofikirika ndi kuwala kwamphamvu, koyenera pabalaza pomwe dzuwa limalowa masana. Chilema chake ndi mdima. Poti nyali ikuyakabe kumbuyo, kuwala kumathawira m'mphepete mwa timazenera tija, choncho usiku wa mufilimu umaoneka wotuwa ngati phulusa, makamaka pa makanema otchipa omwe nyali zake adangozindandalika m'mbali.

Banja lachiwiri ndi la OLED. Umu mulibe nyali yakumbuyo. Kadontho kalikonse ka chithunzi kamadziwalira kokha, ndipo pofunika mdima kamangozima. N'chifukwa chake zakuda zimada bii, ndipo chithunzi chimakomabe ngakhale mukhalire chammbali. Sony idatulutsa kanema woyamba wa mtundu umenewu, wa mainchi 11 okha, m'chaka cha 2007, ndipo LG idabwera ndi wa mainchi 55 mu 2013. Kunena chilungamo, m'chipinda chamdima OLED ndi mfumu.

Koma ufumuwo uli ndi mtengo wake wolemera, ndiponso uli ndi nthenda yake. Chinthu chikakhalitsa pamalo amodzi kwa miyezi yambiri, monga chizindikiro cha siteshoni pakona kapena kamzere ka nkhani kapansi kaja, chimatha kusiya chipsera chosafufutika. Makampani ayesetsa kuchepetsa vutoli, koma silidatheretu. Mwini bala kapena vidiyo sho amene amatsegula tchanelo chimodzi cha mpira kuyambira m'mawa mpaka usiku asathamangire OLED. Ndipo powerenga pa katoni penyetsetsani, abale: Q ndi O zimangosiyana kamchira, koma mkati ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Mayina tawamva. Tsono funso lalikulu, lomwe wogulitsa sangakufunseni, ndi ili: kodi m'kanemamo muzilowa chiyani? Kanema ali ngati mbale. Ngakhale mbale ikongole chotani, nsima ya mgaiwa siisanduka ya ufa woyera.

Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho. Makanema ambiri a mainchi 32 olembedwa HD ali ndi timadontho 1366 chopingasa ndi 768 choimirira, tonse pamodzi topitirira pang'ono 1 miliyoni. Full HD ndi 1920 kwa 1080, pafupifupi 2 miliyoni. 4K, yomwenso amaitcha UHD, ndi 3840 kwa 2160, topitirira 8 miliyoni. Koma chithunzi wamba chotchedwa SD chili ndi timadontho 720 kwa 576, tosafika ndi theka la miliyoni lomwe. Zambiri zimene timaonera kudzera pa eriyo, pa dishi ndi pa madikoda monga Kiliye Kiliye kapena GOtv zimabwera mu SD kapena HD.

Ndiye taganizani. Mukalowetsa chithunzi cha SD m'kanema wa 4K, pa timadontho 20 tilitonse, kamodzi kokha ndiko kachokera ku siteshoni; 19 tinato kanemayo wachita kupeka. Makanema odula amapeka mwaluso, otchipa amangopaka phala. Galasi likakula, zilema nazo zimakula. Ndi mmene munthu amapezekera akudandaula kuti chikanema chake cha mainchi 65 chikuonetsa nkhope za owerenga nkhani ngati zosasamba, pomwe kakanema ka aneba ka mainchi 32 kakuonetsa bwinobwino. Kanemayo sadalakwe, wapereka zimene wapatsidwa.

Zithunzi zenizeni za 4K zimabwera makamaka pa intaneti, ndipo kumeneko ndi kwa amphamvu. Netflix imanena yokha kuti ola limodzi la 4K limatha kudya 7GB, la HD 3GB, la chithunzi wamba 1GB. Filimu imodzi ya maola awiri ndi 14GB. Mtengo wa bandulo mumaudziwa nokha, werengerani. Chimodzimodzi mawu akuti Smart: amangotanthauza kuti kanemayo amalowa pa intaneti. Ngati pakhomo palibe intaneti yodalirika, mwalipira wantchito wongokhala. Komanso mapulogalamu ake amakalamba msanga kuposa galasi, ndipo zikadzafunika mtsogolo mutha kugula kabokosi kapadera kolumikiza pa HDMI.

Zilembo zofunika kwambiri kuno kwathu ndi zina, zomwe kawirikawiri zimalembedwa mochepa kumbuyo kwa katoni: DVB-T2. Maiko a chigawo chino adagwirizana ku bungwe la ITU kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku dijito, ndipo njira imene Malawi adasankha ndi imeneyi. Kanema wopanda DVB-T2 sangagwire zithunzi za dijito ndi eriyo yokha popanda dikoda. Samalaninso ndi makanema a kaunjika kapena otumizidwa ndi achibale. A ku America ndi ku Japan adawapangira njira zina zoulutsira, ndipo magetsi a kumeneko ndi a mavoti 120 ndi 100, pomwe athu ndi 230. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo musanalumikize.

Chinanso ndi nyumba yanu. Mainchi amayezedwa kuchoka pakona ya pansi kufika pakona ya pamwamba ya mbali inayo, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Choncho wa mainchi 32 ndi masentimita 81, wa 43 ndi 109, wa 55 ndi 140. Yezani pabalaza musanapite ku sitolo. Diso la munthu lili ndi malire: pa kanema wa mainchi 55, mukakhala patali kupitirira pang'ono mamita awiri, kusiyana kwa timadontho ta Full HD ndi ta 4K kumavuta kuona. Pa kanema wocheperapo mtundawo umafupikanso.

Kumbukiraninso mmene ife timaonerera. Tsiku la Maule ndi Manoma nyumba imadzaza. Bambo ali pampando wapakati, ana ali pamphasa pansi, aneba aima pakhomo, wina wasuzumira pawindo. Magalasi ena a LCD, otchedwa VA, amadetsa bwino zakuda koma amafwifwa mukawaonera chammbali. Ena, otchedwa IPS, sasintha kwenikweni mukapatuka, ngakhale zakuda zake n'zotuwirako. Pa katoni salemba kawirikawiri, koma kuyesa kwake n'kosavuta. Imani pakati, kenako sunthirani kumbali, kenako njutani pansi ngati mwana. Nkhope zikayera mbuu, mwadziwa mtundu wake. Banja lalikulu lisankhe wosafwifwa.

Tsono tifike pa magetsi, pomwe makanema ambiri amafera. Kumbuyo kwa kanema aliyense adalemba mawati ake. Wa mawati 40 woyaka maola 5 pa tsiku amadya mayuniti 6 pa mwezi. Wa mawati 100 amadya 15. Kwa odalira sola nkhaniyi ndi yaikulu. Batire ya mavoti 12 ndi 100Ah, ya mtundu wamba uja wosayenera kuikhuthula kupitirira theka, imakupatsani mphamvu yoyendetsa kanema wa mawati 40 kwa maola pafupifupi 15, koma wa mawati 120 kwa maola 5 okha, musanawerengere dikoda ndi mababu. Kumudzi, kanema wamng'ono wolumikiza mwachindunji ku batire amaposa chikanema chomwe chizizima mpira uli pakati.

Chopha makanema kwenikweni ndi magetsi obwera mwamphamvu akangoyaka pambuyo pa kuzima, komanso mphenzi yolowera pa waya wa eriyo kapena wa dishi. Kachipangizo koteteza, kaja ena amati TV guard, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa kanema, ndipo kamadikira kuti magetsi akhazikike kasanawalole kudutsa. Munthu amene wathera ndalama zonse pa mainchi n'kusowa ya kachipangizoka wamanga nyumba yopanda chitseko. Kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi ndi waya wa eriyo womwe.

Dziwaninso zimene zimakonzeka. Kanema akamamveka mawu koma osaonetsa chithunzi, nthawi zambiri ndi timababu takumbuyo tomwe tapsa, ndipo okonza mawailesi amatha kusintha. Kuchepetsako kuwala kwa timababuto pa rimoti kumatalikitsa moyo wake. Koma galasi likasweka, mtengo wosinthira umayandikira wa kanema watsopano. M'nyumba ya ana, kanema akhomedwe pakhoma.

Mukafika m'sitolo musanyengedwe ndi khoma lothwanima lija. Makanema a pamenepo amawatchera kuwala kopitirira muyezo, n'kumaonetsa mafilimu apadera a maluwa, zipatso ndi mathithi ojambulidwa mu 4K. Kunyumba kwanu simukaonera zimenezo. Pemphani kuti alumikize dikoda muone siteshoni imene mumakonda. Tengani fulashi yanu yokhala ndi mpira, muone ngati mpirawo sukusiya mchira pothamanga. Ikanimonso chithunzi choyera chokhachokha ndi china chakuda chokhachokha, kuti timadontho takufa ndi zigamba za kuwala zionekere. Mverani mawu, chifukwa makanema opyapyala ali ndi timasipika tofooka. Werengani mabowo a HDMI. Awiri ndiye poyambira.

Penyaninso dzina, chilembo ndi chilembo, poti pamsika pali makanema obera mayina a makampani otchuka. Lembani nambala ya mtundu wake n'kuifufuza pa foni ngati kampaniyo imaidziwa. Funsani kuti waranti ndi ya miyezi ingati, nanga akawonongeka amakonzera kuti. Mawu a pakamwa akuti "mudzangobwera nayo, bwana" sathandiza tsiku la mlandu. Risiti ilembedwe dzina la sitolo, tsiku ndi nambala ya kanemayo, chifukwa ngakhale mutakadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, umboni woyamba ndi pepala limenelo.

Kwa mabanja ambiri a kuno, oonera dikoda pabalaza powala ndi magetsi osadalirika, LED wamba ya kampani yodziwika, ya mainchi 32 kapena 43, yokhala ndi DVB-T2, waranti yolembedwa ndi kachipangizo koteteza, ndi yokwanira ndithu. Amene ali ndi intaneti yamphamvu, chipinda chamdima ndi thumba lolemera, agule OLED yake asangalale, palibe womuletsa. Chosafunika n'chakuti munthu agulitse mbuzi zisanu pofuna zilembo zomwe nyumba yake singazigwiritse ntchito, chabe kuti aneba aone kukula kwa katoni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.